Osakweza katundu pa kanta imene simungaipeze mailo

Mwezi ukamatha, yang'anani pa windo la basi. Kaya muli mu Lumumba Road, kaya mwatsekeledwa pa Kafue Roundabout kondakita akulimbana ndi nkhani ya chenji, mudzaiona ndithu: kanta yodzala mpaka kumwamba, matilesi omangidwa ndi nthambo, mipando miyendo ili m'mwamba, mbaula ikulendewela kumbuyo. Ndi banja lina limene likusamuka, kapena tikambe mmene tonse timakambila, likushifita.

Kalembela wa 2022 anapeza kuti mu Lusaka muno tilimo anthu opitilila 2.2 miliyoni, ndipo ambili a ife a m'makomboni timagona m'nyumba za lenti. Landilodi akakweza, timanyamuka. Madzi akalowa m'nyumba, timanyamuka. Nchito ikasintha, timanyamuka. Cimene cimandidabwitsa ndi ici: nyumba yatsopano timapita kukaiona kawili katatu, timafunsa za pompi, za mita ya ZESCO, za cimbudzi, ngakhale za khalidwe la maneba. Koma munthu amene adzanyamule zonse zimene tili nazo pa dziko lino timamusankha m'mphindi zisanu, pa cifukwa cimodzi cabe, cakuti wachula mtengo wotsika.

Ine ndikuti funso loyamba lisakhale lakuti "ni zingati?" Likhale lakuti, "Munthu uyu, cinthu cikalakwika, ndingamupeze kuti mawa?" Ndinaphunzila zimenezi mocedwa, ndipo amene analipila sukulu yanga ndi amai.

Tinali kukhala ku Kanyama, m'zipinda ziwili za mdadada. Aliyense amene anakhalako adziwa zimene Januwale amacita kumeneko. Caka cimeneco madzi analowa mpaka pansi pa bedi, ndipo amai anati basi, kwatha. Tinapeza nyumba ku Linda. Amai anapempha cinthu cimodzi, cakuti tisamuke usiku. Sitinali ndi nkhongole ya lenti iyayi. Anangoti safuna maneba aziwelenga mapoto awo ndi kuona matilesi amene anadetsedwa ndi matope.

Ca m'ma 19 koloko ndinaimilila mu Los Angeles Road n'kuimika kanta yopanda kanthu imene inali kupita. Anzake a pa msika masana anali atandiuza K700. Uyu anati K500. Ndinadziona wocenjela. Anali ndi anyamata awili kumbuyo, ndipo anakweza katundu mwamsanga moti ndinawayamikila. Ine ndi amai tinakhala kutsogolo, anyamata aja kumbuyo ndi katundu.

Tinayenda bwino mpaka kupitilila mlatho wa ku Makeni. Titangosiya tala n'kulowa m'tinjila twa mkati mwa Linda, dalaiva anaima pa mdima n'kuzima injini.

"Ba boss, apa sinipitilila. Simunaniuze ati ni mukati so. Njila iyi izanipwanyila masipulingi. Muikepo 300, olo tiseluse pamene pano."

Amai anayesa. "Nanga mwana wanga, si tinapangana?"

"Mami, kupangana tinapangana, manje mafuta yanakwela."

Mvula inali kuwaza, tenti panalibe. Mungatsitse bedi ndi kabati pa msewu usiku, m'komboni imene simudziwa munthu? Tinakangana pafupifupi theka la ola, ndipo pothela pake ndinatulutsa K300, ndalama ya m'manja. Anatifikitsa, anatsitsa zinthu mothamanga, n'kupita.

M'mawa, pokonza m'nyumba, tinapeza thebulo la makina osokela lilipo, koma mutu wake palibe. Makina a Singer amene amai anagula ndi ndalama ya cilimba, amene anatilipilila sukulu tonse. Tinali titaucotsa mutuwo n'kuukulunga m'bulangeti kuti usaonongeke. Kaya unatsitsidwa pamene tinaima pa mdima paja, kaya unapita ndi motoka, mapeto ake ndi amodzi. Ndipo Januwale ndiye mwezi wa mayunifomu a sukulu, mwezi umene telala amapangila ndalama ya miyezi itatu. Amai anabweza nsalu za makasitomala awo imodzi imodzi, akupepesa.

Ndinapita ku polisi. Wapolisi anatsegula buku n'kufunsa mafunso atatu. Nambala ya motoka? Dzina la dalaiva? Imaimilila kuti? Zonse zitatu ndinalibe yankho. Cimene ndinali kudziwa n'cakuti kanta inali yoyela. Mu Lusaka, kukamba kuti kanta yoyela kuli ngati kukamba kuti mzimai wovala citenge.

Mwina wina akuti, nanga bwanji osaitana kampani? Makampani osamutsa anthu alipo mu Lusaka, ndipo kampani yabwino imabwela kudzaona katundu coyamba, imakulembelani mtengo pa pepala, imabweletsa makatoni ndi anthu ake. Ngati thumba likulola, kapena ngati abwana anu ndiwo akulipila cifukwa akutumizani ku Kitwe kapena ku Chipata, pitani kumeneko. Koma nakonso maso akhale otsegula. Dzina lokongola pa Facebook si kampani. Funsani ngati inalembetsedwa ku PACRA, pitani mukaone ofesi ndi maso anu, ndipo funsani ngati ili ndi inshuwalansi ya katundu wa pa ulendo. Osatuma dipoziti kwa munthu amene mwangomumva mau pa foni.

Koma tisanamizane. Ife amene timawelenga nyuzi ino m'basi ya ku Chawama, ku Matero, ku George kapena ku Mtendere, kampani yathu ndi kanta, ndipo ngati tikusamukila pafupi, ndi zamukabu, wilibala ija. Ndiye nkhani ndi yakuti, pa makanta onsewa, yodalilika muidziwa bwanji?

Muidziwa ndi pamene imagona ndi pamene imaimilila. Pafupi ndi misika monga Soweto, Buseko ndi misika ya m'makomboni mwathu pamakhala makanta amene amaima pamodzimodzi tsiku lililonse. Dalaiva wa pamenepo amadziwika kwa anzake, kwa amai a kantemba amene amamugulitsa tiyi, kwa ogulitsa mapulanga amene amamutuma. Akakucitani coipa, mawa mudzamupeza pomwepo, ndipo manyazi adzakhala ake pamaso pa anthu amene amamupatsa nchito. Dzina lake pa malo amenewo ndilo inshuwalansi yanu. Uja wongopita mumsewu alibe ciliconse cimene angataye. K200 imene ine ndinaona ngati ndapulumutsa inali mtengo wa cinthu cimeneci, ndipo ndinacigulitsa ndekha. Safunsa anadya phula.

Mukamupeza, mutengeni akaone katundu asanachule mtengo, kapena mutumileni zithunzi. Apa ndiyenela kuwakambilako madalaiva, cifukwa nafenso timanama. Timati "ni tuvintu tung'ono cabe," munthu n'kufika apeza disipulei, firiji, mabedi atatu, zigubu khumi ndi masaka a malasha. Timati "ni pafupi na msewu," pamene nyumba ili kumapeto kwa kanjila ka miyala ndi zithaphwi. Madalaiva ambili motoka si yawo, ali ndi kashingi yopeleka kwa mwini wake. Kucokela mu 2022, bungwe la ERB lakhala likuunikanso mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo cilengezo cimabwela kumapeto kwa mwezi, nthawi imodzimodzi imene tonse timasamuka. Mtengo umene mlamu wanu analipila caka catha si mtengo wa lelo. Dalaiva uja wa ine anandibela poima pa mdima, koma pa nkhani ya njila sananame: sindinamuuze. Mukabisa zoona pa ciyambi, mwamupatsa nokha cifukwa coimila pakati pa njila.

Conco kambilanani zonse katundu akalibe kukwela. Mtengo uwu ndi wa maulendo angati? Anyamata onyamula ali mkati kapena ndi padela? Afika mpaka pa khomo? Tenti ali nayo? Nthambo? Mukagwilizana, mutumileni meseji ya zimene mwapangana kuti iye ayankhe. Ena adzaseka, ati mwacita monga loya. Asiyeni aseke. Pangano la pakamwa limasungunuka mvula ikayamba.

Ndiye tengani foni mujambule nambala ya motoka, ndi mapepala a RTSA amene amamatidwa pa galasi la kutsogolo, muone ngati sanathe. Motoka yopanda mapepala ikagwidwa pa msewu, katundu wanu nayenso wagwidwa. Dziwaninso kuti inshuwalansi wamba imene motoka iliyonse iyenela kukhala nayo si ya firiji yanu. Zithunzizo tumilani m'bale wanu dalaiva akuona. Woona mtima sakhumudwa ndi zimenezi. Amene wayamba kukwiya wakuuzani kale zimene munafuna kudziwa, ndipo wakuuzani katundu akali m'nyumba.

Pa kulipila, musapeleke zonse poyamba. Ya mafuta pa ciyambi, yotsala cinthu comaliza cikatsika. Ndipo ngati n'kotheka lipilani pa foni, kaya ndi Airtel Money kaya MTN MoMo. Nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imalembetsedwa ndi ciphaso ca munthu, ndipo potuma ndalama dzina limaonekela. Imeneyo ndi lisiti. Ngakhale Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono kumene munthu amadziimila yekha popanda loya, silingakuthandizeni ngati mulibe dzina ndi malo a munthu amene mukumusumila. Ine K800 yanga inapita m'thumba la munthu wopanda dzina.

Welengani katundu pokweza ndi potsitsa. Lembani pa pepala, ngakhale la m'kope la mwana: zikwama za ukwa zisanu ndi cimodzi, makatoni anai, mipando isanu. Ndipo cinthu cimene cimakudyetsani cisapite kumbuyo. Mutu wa makina, laputopu, makina ometela, mapepala a sukulu, makadi a ku cipatala, zimenezi zikhale pa miyendo yanu kutsogolo, kapena muzipeleke padela pa basi dzulo lake. Ana naonso asakwele pamwamba pa katundu. Matilesi akagwa mumatola, mwana ndi nkhani ina.

Cotsala ndi cija covuta kukamba, nkhani ya usiku. Tonse tidziwa cifukwa cake makanta ambili amayenda dzuwa litalowa. Ena ndi manyazi, ngati amai anga. Ena amaopa maso a anthu, akuti wansanje akaona firiji yatsopano sagona. Ena akuthawa landilodi. Sindikuweluza munthu, cifukwa miyezi iwili ya lenti ingagwele aliyense nchito ikatha. Koma dalaiva wosaona mtima amadziwa bwino kuti munthu wothawa sangakuwe, sangaitane maneba, sangapite ku polisi. Mukamuuza kuti "bwelani 23 koloko, osaliza hutala," mwamuuza kuti akulipilitseni mmene afunila.

Ngati vuto ndi nkhongole, ndi bwino kukhala pansi ndi landilodi, pakhale mboni, mulembelane mmene mudzalipilila. Lamulo la Rent Act la 1972 limakamba kuti mwini nyumba sangalande katundu wa munthu cifukwa ca nkhongole ya lenti popanda cilolezo ca khoti. Ambili timathawa usiku cifukwa sitidziwa zimenezi, ndipo pothawa munthu amene tili naye ngongole ya K1,200 timakapeleka zinthu za ndalama zambili kuposa pamenepo kwa munthu amene sitimudziwa. Ngati vuto ndi manyazi cabe, kumbukilani kuti maneba amene mukuwabisila matilesi ong'ambika, awo naonso ndi ong'ambika. Adzakamba masiku awili n'kuiwala. Amai anatenga miyezi inai kuti agule makina ena, ndipo makasitomala ena sanabwelelenso.

Caka catha tinasamukanso, mkati mwa Linda momwemo, kupita ku nyumba ya zipinda zitatu. Ulendo uno ndinafunsa amai ena ogulitsa tomato pa msika, amene amatuma kanta imodzimodzi kukatenga mabokosi ku Soweto. Anandionetsa mdala wina wa Dyna yakale ya buluu. Anabwela Cisanu madzulo kudzaona katundu, anayenda wapansi njila yonse mpaka ku nyumba yatsopano, n'kuchula mtengo wokwelako kuposa umene ndinali kuyembekezela. Ndinayesa kutsitsa.

"Mwana wanga," anatelo, "nikakuchipisila apa, tizayambana pa njila. Ine nimaimilila paja daily, sinifuna munthu azibwela kunitukwana."

Tinasamuka Ciwelu 9 koloko m'mawa, komboni yonse ikuona. Maneba awili anathandiza kunyamula kabati. Makina atsopano anayenda pa miyendo ya amai, atawakumbatila ngati khanda. Titatsitsa zonse ndinawelenga pa pepala langa, mdala uja akudikila mosadandaula, ndiyeno ndinamutumila yotsala pa foni. Dzina limene linaonekela ndi lomwe anandiuza.

Mwezi uno ukutha. Ngati ndinu mmodzi wa amene akumanga mapoto m'citenge, selukani pa msika lelo, kukali kowala, mukafunse amene amatuma makanta tsiku ndi tsiku kuti wawo ndani.