Kamera Yanu Iopanji ku Feira?

Sabata yatha ndinafunsa ana anga a Giredi 11 kuti Feira ili kuti. Kalasi yonse zii. Wina kumbuyo anati mwina ili ku Brazil. Mwa ana omwewa muli atatu amene amajambula timafilimu pa foni, ndipo onse atatu amati adzakhala akatswiri akadzafika ku Johannesburg. Ici ndico candilembetsa lero.

Inu acinyamata a ku Matero, Kanyama ndi Chawama, mafilimu anu ndimaonera, ndipo ndatopa nawo. Nyumba yobwereka ku Kabulonga, galimoto yobwereka, mtsikana wolirira bwana wokwatira. Kodi nkhani za dziko lino zinathera pamenepa?

Feira ndi dzina lakale la tauni ya Luangwa, m'cigawo ca Lusaka cino comwe. Ili pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Ukaima pagombe, kutsidya kwa Luangwa uona Zumbo ya ku Mozambique, kutsidya kwa Zambezi uona Kanyemba ya ku Zimbabwe. Apwitikizi anagula minyanga ndi akapolo kumeneko. David Livingstone atadutsa mu 1856 anapeza mabwinja a chalichi ku Zumbo. Dzina lakuti Kanyemba ndi la mtsogoleri wa Acikunda, José do Rosário Andrade, amene asilikali ake anagwira anthu ukapolo m'cigwa conseco. Pa 6 Marichi 1978, asilikali a Ian Smith anaphulitsa Kavalamanja, kumene kunali msasa wa ZIPRA ya Joshua Nkomo. Anafa omenyera ufulu, asilikali a Zambia ndi anthu wamba a m'midzi. Abdon Yezi anapita kukajambula nkhani imeneyi opulumuka akali moyo. Inu munaionera?

Mudzati ndalama kulibe. Zoona, kamera ndi yodula, ndipo palibe amene amakulipirani. Koma ndalama imene mumabwerekera galimoto ndi suti tsiku limodzi ikhoza kukufikitsani pa mlatho wa Luangwa pa Great East Road, pamene amai amagulitsa nsomba zouma, n'kukhota kulowera kumwera mpaka ku boma. Cosowa si ndalama cabe. Mumaona ngati munthu wopalasa bwato pa Zambezi alibe nkhani yoyenera kanema, popeza alibe nsapato zonyezimira.

Mudzachulanso Rungano Nyoni, kuti iye anakulira ku Wales ndiye cifukwa cake anapambana BAFTA mu 2018. Inde anakulira kumeneko. Koma kuti apange I Am Not a Witch anakakhala kaye mu msasa wa amai onenedwa ufiti ku Ghana, kumvetsera, kenaka anabwera kudzajambula kuno kwathu, anthu akulankhula zilankhulo zathu. Cimene anatenga pa ulendowo ndi makutu odekha. Makutu safuna pasipoti.

Cenjezo langa ndi ili: musapite ku Feira ngati alendo aja amene amatsika pa galimoto, kujambula ana opanda nsapato, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Kumeneko n'kuba. Kapempheni cilolezo kwa mafumu, a Mphuka kapena a Mburuma. Gonaniko. Phunzirani kupereka moni m'Cikunda ndi m'Cinsenga. Funsani mlimi amene njovu zinamudyera cimanga usiku umodzi, funsani mai amene ng'ona inamutengera mwamuna, funsani wogulitsa masau amene ali ndi abale m'maiko atatu. Filimu ikatha, muibweze komweko, aionere okha pa cinsalu, akuuzeni pamene mwanama.

Amene anaona utsi wa Kavalamanja ali ndi zaka makumi awiri, lero apyola zaka makumi asanu ndi limodzi. Caka ciliconse tikuika ena m'manda pamodzi ndi zimene anaona. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Johannesburg idzakudikirani. Agogo a ku Kavalamanja sadzakudikirani.