Makiyi a atate si laisensi

Mnzanga wacinyamata, lero sindikulankhula ndi mnyamata uja amene amabwera kusukulu ndi motoka ya atate ake. Ndikulankhula ndi iwe amene umathamangira kukakhala pampando wakumbuyo, numukuwizira kuti, "Ponda, mwana, tacedwa!" Ukuganiza kuti ulibe mlandu cifukwa ciwongolero sicili m'manja mwako? Wanama.

Ndi angati mwa anzako a giredi 11 amene afika zaka 18? Apo ndiye pamene lamulo la dziko lathu limayambira kulola munthu kutenga laisensi ya motoka ku RTSA, ndipo amayamba wayesedwa. Mnzakoyo anayesedwa ndi yani? Anaphunzira kulizitsa injini pa yadi Loweruka potsuka motoka, basi. Kusuntha motoka ngakhale mwana wa zaka khumi angathe. Kuimitsa ndiyo nchito.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu mumawadziwa. Motoka yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Ukamuonetsa cithunzi pafoni, iye nayang'ana masekondi atatu okha, mwayenda mamita 50 popanda woona kutsogolo. Limenelo ndi theka la bwalo la mpira! Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse motoka umawirikiza kanai. Mabuleki sadziwa kuti belu lalira.

Tsono taganiza, ndani ali pamseu nthawi ya 06:45 masukulu akatsegulira? Ndi tiana ta giredi 1, cola cacikulu kumsana, tikuwoloka mothamanga kuseri kwa minibasi imene yaima. Mlongo wako ali pomwepo. Mu 2018 bungwe la WHO linalengeza kuti ngozi za pamseu ndizo zimapha kwambiri anthu a zaka 5 kufikira 29 pa dziko lonse. Ndife amenewo, ndi ang'ono athu.

Ndamva ena m'gulu lathu akuti, "Koma makolo ake ndiwo anampatsa makiyi." Inde, ndipo ndikunena mwaulemu kuti akuluwo analakwa. Kutopa ndi kupereka ana kusukulu m'mawa si cifukwa cotumira mwana wopanda laisensi. Ngozi ikacitika, a inshuwalansi angakane kulipira, ndipo amene adzaimirira m'khoti ndi mnyamatayo, mayeso ali pafupi. Koma akuluwo ndidzakambirana nawo pa msonkhano wao. Iwe kulakwa kwao sikukukakamiza kutsegula citseko ndi kukwera.

Mnzakoyo akakhala yekha amayendetsa mwamantha. Mantha amenewo amatha mukadzazamo asanu, nyimbo zili pamwamba, lamba palibe wamanga, aliyense afuna kuona ngati angapitirire basi ili kutsogolo.

Lolemba akakuimira pa siteshoni, umufunse akuonetse laisensi. Adzakuseka, mwina adzakucha wamantha pamaso pa atsikana. Msiye apite, iwe udikire minibasi. Ukacedwa, aphunzitsi adzakupatsa cikwakwa ukaceke udzu kuseri kwa kalasi.