Maso Ophunzitsidwa Kuwerenga Mafupa

Nyengo ya mango ikafika, zipatala za m'maboma zimalandira ana ambiri amene agwa mumtengo n'kuthyoka mkono pamwamba pa chigongono. M'nyengo yokolola kumabwera alimi opondedwa ndi ngolo kapena ogwa pa njinga yolemedwa ndi matumba. Onsewa amatumizidwa kuchipinda chojambulira X-ray, ndipo kuti mkono udzagwirenso khasu zimadalira kwambiri zimene wojambulayo anaphunzira ali pasukulu.

Kuwala kwa X-ray kunatulukiridwa ndi Wilhelm Röntgen mumzinda wa Würzburg ku Germany pa 8 November 1895, ndipo chimodzi mwa zithunzi zake zoyambirira chinali cha dzanja la mkazi wake, mphete ili pachala. Kuwalaku kumadutsa mosavuta mumnofu koma kumatsekerezedwa ndi fupa. N'chifukwa chake pachithunzi fupa limaoneka loyera, mnofu umaoneka wotuwa, ndipo mpweya umaoneka wakuda. Makina asintha kwambiri, moti m'zipatala zambiri chithunzi chimaonekera pa kompyuta, komabe chithunzicho chimafuna munthu wodziwa kuchiwerenga.

Ojambula amaphunzitsidwa m'masukulu monga Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe ndi Evelyn Hone College ku Lusaka. Phunziro lawo loyamba ndi la fupa labwinobwino, pakuti wosadziwa maonekedwe a fupa lamoyo sangazindikire lothyoka. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo 120 mwa amenewa ali m'mikono ndi m'miyendo: 30 pa mkono uliwonse ndi 30 pa mwendo uliwonse. Dzanja lokha lili ndi mafupa 27, pomwe phazi lili ndi 26. Wophunzira amagwira mafupawa m'manja, kuloweza mayina ake, kenaka kuwafufuza pathupi la mnzake mpaka zala zake zitazolowera. Akatero m'pamene amawafunafuna pachithunzi, pomwe amaoneka osanjikizana ngati mithunzi.

Kusanjikizanaku ndiko kunabala lamulo limene mphunzitsi aliyense amalibwereza: chiwalo chijambulidwe mbali ziwiri, chakutsogolo ndi cham'mbali. Fupa la msongolo likhoza kuoneka lolunjika mukaliona kutsogolo, pomwe cham'mbali zidutswa zake zaphonyana. Lamulo lachiwiri ndi lakuti fupa lalitali lijambulidwe pamodzi ndi mfundo zake zonse ziwiri. Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri oyandikana. Limodzi likathyoka, linzake nthawi zina limaguluka pamfundo. Wojambula akangolunjika pothyoka pokha, kugulukako sikuoneka, ndipo wodwala amavula chikhakha mkono wake ukukana kupinda.

Powerenga chithunzi, wophunzira amazolowetsedwa kutsata ndondomeko imodzi nthawi zonse. Amayamba ndi dzina la wodwala, tsiku, ndi chilembo L kapena R chosonyeza kumanzere kapena kumanja. Kenaka amaona ngati mafupa ali pamzere, n'kutsatira m'mphepete mwa fupa lililonse kufuna mng'alu kapena pamene patumphuka. Amamaliza ndi mipata ya m'mfundo ndi kutupa kwa mnofu. Aphunzitsi amachenjeza kuti diso likapeza chovuta chimodzi limafulumira kukhutira, n'kusiya chachiwiri chili pomwepo.

Zithunzi za ana ndizo zimayesa wophunzira kwambiri. Kumapeto kwa mafupa aatali a mwana kumakhala chichereŵechereŵe chimene fupa limakulirapo, ndipo pachithunzi chimaoneka ngati mzere wakuda wodula fupa. Wosazolowera amauyesa mng'alu. Komanso nthawi zina pamakhaladi pothyoka pamzere womwewo, ndipo pakapanda kuoneka mkono ukhoza kukula mokhota kapena kufupika. Pachigongono cha mwana pamatuluka timafupa 6 motsatizana, kuyambira ali ndi chaka chimodzi mpaka zaka pafupifupi 12, ndipo wophunzira amaloweza ndondomeko yake kuti asiyanitse kafupa kongomera kumene ndi kachidutswa kothyoka. Fupa la mwana limathanso kupindika n'kung'aluka mbali imodzi, monga imachitira nthambi yaiwisi.

Palinso kuthyoka kumene kumabisala. Munthu akagwa atatsamira chikhatho, kafupa kotchedwa scaphoid, kamodzi mwa timafupa 8 ta pamfundo ya dzanja, kakhoza kung'aluka koma osaoneka pachithunzi choyamba. Magazi amafika movutikira mbali ina ya kafupaka, motero kakanyalanyazidwa kamakana kulumikizana. Wodwala amene akumva ululu m'munsi mwa chala chachikulu amamangidwa dzanja n'kuuzidwa kubweranso pakapita masiku 10 mpaka 14 kuti adzajambulidwenso. Mlimi amene wamva kuti "sipakuoneka kanthu" n'kubwerera kumunda mawa lake angadzavutike ndi dzanjalo kwa zaka.

Madokotala odziwa za zithunzi ndi ochepa m'maiko a kuno, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Kuboma chithunzi chimawerengedwa ndi wachipatala amene akuona wodwalayo. Ku Malawi ntchito yaikulu ya mafupa m'maboma imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, amene anayamba kuphunzitsidwa mu 1985. Pamenepa wojambula wodziwa kuwerenga amakhala diso lachiwiri. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1980, ojambula anayamba kumata kadontho kofiira pachithunzi chilichonse chimene akuchikayikira, kuti dokotala wotanganidwa achionetsetse. Nzeru yomweyo ndi yofunika paliponse pamene wachipatala mmodzi akuona mzere wautali wa odwala.

Alangizi a zaumoyo ndi abale a wovulala ali ndi gawo lawo. Chiwalo chovulala chimangidwe pa thabwa kapena katoni yolimba, osachikoka, osachisisita ndiponso osatemerapo mphini, ndipo wodwala afike kuchipatala tsiku lomwelo. Mafupa a ana amalumikizana msanga, choncho kuchedwa kwa masabata awiri kapena atatu kungachititse kuti fupa ligwirane mokhota. Zala zikazizira, zikayera kapena zikachita dzanzi, ndiye kuti mtsempha wapanikizika, ndipo nkhaniyo ndi ya maola, yosayembekezera kuche.

M'chipinda chojambulira wodwala afotokoze mmene anagwera ndi kuloza ndi chala chimodzi pamene pakupweteka kwambiri, chifukwa wojambula amalunjikitsa makina potsata zimenezo. Zibangili, mphete ndi mikanda zivulidwe kuti zisabise fupa. Mayi woyembekezera, kapena amene akudzikayikira, anene asanajambulidwe. Wojambula akapempha kutembenuza mkono wopweteka kuti ajambule kachiwiri, akutsata lamulo lija la mbali ziwiri, ndipo kupirira kwa mphindi imodzi kumeneko kungapulumutse mkono. Amene wapatsidwa chithunzi achisunge chosapinda, pouma, ndipo achitenge pobwerera kuchipatala pa tsiku limene wauzidwa, kuti chikayerekezedwe ndi chatsopano.