Wofuna kuswetsa angelfish asiye yokongola kwambiri

Kuno ku Milange osunga nsomba zosadya tilipo ochepa, koma tikuchulukirachulukira. Mukalowa mometera tsitsi mwina, kapena pabalaza pa mphunzitsi wina, mupeza thanki yagalasi pakona, kapampu kakutulutsa thovu, m'katimo mukuyandama nsomba yaphanthiphanthi ya zipsepse zazitali imene ogulitsa amati angelfish. Achinyamata odziwa kuti ndimazisunga amabwera ndi funso lofanana: "Bambo, ndikufuna ndiziswetsa n'kumagulitsa ana ake, ndigule iti?" Pofunsapo amakhala atatulutsa kale foni, akundionetsa chithunzi cha pa Facebook cha nsomba yakuda bii, zipsepse zikukwekwereza pansi. Ndimawauza kuti imeneyo aisiye, agule yotuwa ya mizere yakuda, yomwe ija ogulitsa amaitsitsa mtengo. Ambiri amachoka nkhope itagwa.

Kwawo kwa nsombayi ndi ku South America, m'mitsinje ya m'chigwa cha Amazon, m'madzi ofunda ndi odekha, odzaza mizu ndi masamba. Ndi m'bale wake wa chambo ndi mbuna, pakuti zonsezi zili m'banja limodzi la cichlid. Mitundu yake yachilengedwe ndi itatu, scalare, altum ndi leopoldi, koma pafupifupi zonse zogulitsidwa m'masitolo ndi zidzukulu za scalare, ndipo scalare ya kumtsinje ndi yotuwa ya mizere yomweyo. Zinazi, yakuda, yagolide, yamawangamawanga yotchedwa marble, ya mutu wofiirira yotchedwa koi, yoyera ya maso ofiira, anachita kuzipanga anthu, posankha ana obadwa mosiyana ndi anzawo n'kumawakwatitsa pachibale. Altum musaiganizire n'komwe. Imachokera ku mitsinje ya Orinoco ndi Rio Negro, imatalika kwambiri, ndipo imawavuta ngakhale akatswiri a ku Ulaya amene ali ndi zipangizo zonse.

Mtengo wa kukongola kumeneku amalipira ndi ana. Kamwana kakatengera kuda kwa bambo ndi kwa mayi komwe, kamadadi monga mukufunira, koma kamakula mochedwa ndipo sikachedwa kufa madzi akangosokonekera pang'ono. Zipsepse zazitali nazonso, kakazitengera mbali zonse ziwiri, zimafika pokalemera, kamasambira movutikira. Tiana ta yoyera ya maso ofiira sitiona bwino, ndiye anzake akamadya ito timangozungulira. Palinso china chimene wogulitsa sangakuuzeni: mukakwatitsa yagolide ndi yotuwa yeniyeni, ana onse amatuluka otuwa. Golideyo amabisala m'magazi, amadzaonekera mwa zidzukulu, pafupifupi chimodzi mwa zinayi zilizonse. Munthu amene anagula yagolide imodzi ali ndi chiyembekezo chodzaza thanki ndi ana agolide chaka chomwecho adzangoti anamubera.

Amene anawetapo nkhuku za Mikolongwe amandimva msanga. Zakuda, zonenepa, zoikira bwino, koma nthawi yofungatira ikakwana mazira aja mumakawaika pansi pa thadzi lachikuda. Nsomba zimene zakhala zikuswetsedwa chifukwa cha maonekedwe okha zili ndi vuto lofananako. M'mafamu akuluakulu mazira amawachotsa kwa makolo n'kuwaswetsa paokha, choncho palibe amene amaona ngati nsombayo imalera kapena imadya ana ake. Inu ndi ine tilibe mathanki khumi oswetsera. Tikufuna makolo amene adzagwire okha ntchitoyo. Mukapeza woweta amene nsomba zake zinaleredwa ndi makolo awo, gulani kwa ameneyo ngakhale zikhale zotuwa chotani.

Wina akakuuzani kuti "iyi ndi yaimuna, iyi yaikazi" pa tinsomba tating'ono, akungolota. Angelfish siidziwika mpaka itayandikira kuikira, pamene pansi pa mimba pamatuluka kachubu, konenepa ndi kobuntha kwa yaikazi, kowonda ndi kosongoka kwa yaimuna. Zazikazi ziwiri zimathanso kukhalira limodzi n'kumaikira mazira osaswa, mwini wake n'kumadabwa. Njira yodalirika ndi kugula zazing'ono zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu, makamaka kwa anthu awiri osiyana kuti zisakhale za mimba imodzi, n'kuzilera pamodzi mu thanki yaitali masentimita osachepera 45. Zikafika miyezi ya pakati pa 6 ndi 12 zimasankhana zokha. Posankhapo yang'anani thupi lozungulira bwino, zipsepse zowongoka, ndi kansomba kothamangira chakudya. Kamene kaima pakona katapinda zipsepse, kasiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Tsiku loikira limaoneka. Ine ndimatsamiritsa chidutswa cha thailosi kukhoma la thanki. Ziwiri zija zimayamba kuchijompha, kuchiyeretsa ndi milomo kwa tsiku lathunthu, n'kumapirikitsa iliyonse yoyandikira. Kenaka yaikazi imakwera pang'onopang'ono kuchokera m'munsi, mimba ikukhudza thailosi, n'kusiya mzere wa timazira. Yaimuna imatsatira pambuyo pa mzere womwewo. Zimabwerezabwereza mpaka mazira atafika mazanamazana. Zikatero zimasinthana kuwakupiza ndi zipsepse za pachifuwa, ndipo dzira likayera, kusonyeza kuti lafa, imodzi imalitola ndi mlomo. Madzi akakhala pa madigiri 27, pakatha masiku awiri kapena atatu mumaona timichira tikunjenjemera pa thailosi, ndipo pakadutsa masiku ena pafupifupi asanu tiana timanyamuka n'kumayandama mozungulira makolo. Zoyamba kumene kubereka zimakonda kudya mazira awo ulendo woyamba ngakhale wachiwiri. Musazikalipire. Tchingani thanki ndi nsalu mbali yodutsa anthu, ndipo adzukulu asamagogode galasi.

Mdani wathu wamkulu kuno ndi kuzizira. M'mwezi wa Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika, chomwe abale athu a ku Mulanje ndi Thyolo amatinenera kuti chimachokera kwathu ku phiri la Chiperone, madzi a mu thanki amazizira usiku, pamene nsombayi imafuna madigiri a pakati pa 24 ndi 30. Hita ndiyofunika, koma hita ndi pampu zonse zimadalira magetsi, ndipo magetsi akathima pakati pa usiku mazira amene munawachotsa kwa makolo amafa, chifukwa palibe chowakupiza. Amene ali ndi makolo awo amapulumuka kawirikawiri, pakuti zipsepse sizidikira magetsi. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene ndimakakamirira nsomba yolimba ndi yolera. Bulangeti lokutira thanki ndi botolo la madzi ofunda loyandamitsa m'katimo zimathandiza usiku umodzi, koma nzeru ndi kudikira kuti kuswetsa kugwe m'miyezi yotentha.

Pa madzi pokha tili ndi mwayi. Angelfish imakonda madzi opepuka, opanda mchere wambiri wa m'miyala, ndipo madzi otsika m'mapiri athuwa amakonda kukhala otero. Ngati sopo amachita thovu msanga m'madzi anu, ndiye kuti ndi opepuka. A pa mjigo wina amakhala olemera, ndiye asakanizeni ndi a mvula. A pa mpopi agonetseni mu ndowa yosavundikira tsiku limodzi kuti mankhwala a klorini auluke.

Chakudya cha tiana ndi pamene ambiri amagwera. Timafuna chamoyo, chaching'ono kwambiri. Oweta ambiri amadalira tizilombo ta brine shrimp, timene mazira ake amagulitsidwa ouma n'kuswetsedwa m'madzi amchere. Muitanitsiretu nsomba zisanaikire. Chikasu cha dzira lowiritsa chimagwirako ntchito, koma chimaipitsa madzi msangamsanga, ndipo mukachita ulesi wosintha madzi mudzapeza tonse tili pansi.

Wachinyamata wina anandibweza mawu, ndipo ananena zoona: "Bambo, yotuwayo adzagula ndani? Anthu amafuna ya mitundu." Ndikuvomera kuti koi ndi yakuda zimayenda msanga. Koma msika wathu ndi wochepa. Ogula enieni ali ku Mocuba, Quelimane, Nampula ndi Blantyre, ndipo kuwolotsa nsomba yamoyo pa chipata cha Muloza kumafuna zilolezo, si ngati thumba la chimanga lopita ku Limbuli. Woyamba kumene apindula kwambiri ndi ana makumi asanu amoyo otsika mtengo kusiyana ndi asanu odula amene atsala mwa mazana. Ngati mtima ukukana yotuwa, tengani marble. Ndi yolimba, ndipo mawanga ake amaonekera mwa ana a m'badwo woyamba womwe. Mukadziwa kulera, zovutazo mudzazipeza zikukudikirani.

Pali funso limene achinyamatawa safunsa, ndipo limandiwawa pang'ono. Tikuvutikiranji ndi nsomba ya ku Amazon pamene anthu a ku Germany ndi America amalipira ndalama zambiri kugula za m'nyanja yathu? Malemu Stuart Grant anayamba kutumiza mbuna kunja kuchokera ku Salima m'zaka za m'ma 1970, ndipo Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi. Gombe lathu la Niassa nalo lili nazo zake, moti pali mbuna imene osunga nsomba kunja amaidziwa ndi dzina la Cobue. Pa kuswa, mbuna ndi yosavuta. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi milungu itatu osadya, n'kudzalavula ana akuluakulu kale, otha kudya chakudya chouma chopera. Brine shrimp safunika. Koma imafuna madzi olemera, ndiye kuno muyenera kuika zigoba za nkhono kapena miyala ya laimu mu thanki, ndipo musaiphatikize ndi angelfish, idzaithothola zipsepse. Mitundu ya mbuna yofanana musaiikenso pamodzi, imakwatirana n'kubereka ana osadziwika mtundu amene woweta wozindikira sangagule.

Zikakuyenderani, kaya ndi angelfish kaya mbuna, tsiku lina ana adzachuluka kuposa malo. Musakawatsanulire mu mtsinje wa Muloza. Madzi ake amathira mu Ruo, Ruo amathira mu Shire pa Chiromo, ndipo nsomba yachilendo ikhoza kunyamula matenda amene matemba ndi makumba athu sanawaonepo. Otsalawo kaperekeni kusukulu imene ili ndi thanki, kapena sinthanani ndi woweta mnzanu wa ku Mocuba, inu mumupatse anu, iye akupatseni ake, kuti chaka chamawa musadzakwatitse mlongo ndi mchimwene wake.