Zolengedwa Zitiphunzitsa: Nsomba Yolondera Chisa

Mwezi uno ticheze za nsomba ina imene ambiri a ife sitinaidyepo, koma makhalidwe ake ndi oyenera kuwalingalira m'banja lililonse lachikhristu. Dzina lake ndi bass. Kwawo kwenikweni ndi ku North America, ndipo imadziwika ndi kukamwa kwake kwakukulu kumene imamezera tinsomba, achule ndi nkhanu. Anthu anaifikitsa ku South Africa m'chaka cha 1928 ndi ku Zimbabwe m'chaka cha 1932, kotero kuti abale athu okhala kumeneko amaidziwa m'nyanja zokumba monga Mutirikwi pafupi ndi Masvingo. Kuno kwathu imapezeka m'madamu owerengeka, monga ena a pa phiri la Zomba. Kawirikawiri imalemera kilogalamu imodzi kapena ziwiri, koma m'chaka cha 1932 George Perry anawedza ina yopitirira pang'ono makilogalamu 10 ku Georgia, m'dziko la America.

Akatswiri owedza nsombayi amadikira nyengo imodzi koposa zonse, ndiyo pamene chisanu chikutha ndipo kukuyamba kufunda. Ku America nyengoyi imagwa m'miyezi ya Marichi ndi Epulo, koma kuno kum'mwera kwa Africa ndi mu Ogasiti ndi Seputembala. Chifukwa chake nachi. Thupi la nsomba limazizira kapena kufunda motsata madzi amene ikukhalamo. Madzi akazizira kwambiri, bass imatsikira kwakuya, nikhala duu, osafuna kudya kwenikweni. Koma kufunda kwa madzi kukapitirira madigiri 10, imayamba ulendo wopita kosaya kumene idzaswere, ndipo pa ulendowu imadya kwambiri kuti ikhale ndi mphamvu.

Tsono msodzi wanzeru saponya mbedza paliponse. Amayamba wadzifunsa kuti, kodi madzi ofunda ali kuti lero? Malo osaya, obisika ku mphepo, okhala ndi matope akuda kapena miyala pansi pake, ndiwo amafunda msanga, makamaka dzuwa likapendeka. Gombe loyang'anana ndi dzuwa limafundanso msanga kuposa linzake. Ku America limeneli ndi gombe la kumpoto kwa nyanja, pakuti dzuwa lawo limadutsa chakum'mwera. Koma kwa ife mu Ogasiti dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho gombe la kum'mwera ndilo limaothera bwino. Ana a sukulu angathe kutsimikiza zimenezi poyang'ana kumene mthunzi wawo ukugwera masana.

Nsombayi sithamangira kugombe tsiku limodzi ayi. Imapuma m'njira, pa malo pamene pansi patsetsereka kuchoka kosaya kunka kwakuya, pambali pa chitsa chomira, mulu wa miyala kapena m'mphepete mwa bango. Pamenepo ndipo poponya mbedza. Kukazizanso mwadzidzidzi imabwerera pansi, ndipo msodzi ayenera kuitsata komweko. Nyambo ikhoza kukhala nyongolotsi yeniyeni, koma ambiri amagwiritsa ntchito nyambo zopanga, za pulasitiki kapena za chitsulo chonyezimira, zooneka ngati kansomba kapena nkhanu. Chinsinsi chake ndi kukoka chingwe pang'onopang'ono, kuima, ndi kukokanso, pakuti nsomba ya m'madzi ozizira sithamangitsa chinthu chaliwiro. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata waphuma amabwerera chimanjamanja pa malo omwewo pamene mkulu wodekha wapha ndiwo.

Madzi akafika pa madigiri 16 kapena 18, pamachitika chinthu chimene ndafuna kuti tichione bwino. Bass yaimuna imasankha malo osaya a mchenga kapena timiyala, nisesa ndi mchira wake kufikira patapangika kambiya kozungulira. Chimenechi ndicho chisa. Yaikazi imabwera, niikira mazira zikwizikwi, kenaka imachoka. Ntchito yonse yotsala ndi ya bambo. Iye amakhala pamwamba pa mazirawo usana ndi usiku, kuwakupiza ndi zipsepse zake kuti matope asawakwirire ndi kuti alandire madzi abwino. Mazira amaswa patapita masiku owerengeka, osakwana sabata, koma iye amapitiriza kulondera tianato kufikira titayamba kumwazikana. Masiku onsewa sadya kwenikweni. Kansomba kalikonse koyandikira amakapirikitsa.

Apa ndipo pali ngozi yake. Nsomba yolondera chisa ndi yosavuta kuiwedza, chifukwa ili kosaya, ikuoneka ndi maso, ndiponso sichoka pamalopo. Munthu akagwetsa nyambo m'chisamo, iyo imailuma pofuna kuichotsa, ndipo mbedza imaikola. Bamboyo akangotulutsidwa m'madzi, tinsomba timene tinali kudikira chapatali timakhamukira m'chisa ndi kudya mazira. Msodzi amapita kwawo akuyesa kuti wapha nsomba imodzi, osadziwa kuti wapha mbumba yonse.

N'chifukwa chake m'chigawo cha New York lamulo limati munthu wowedza bass isanafike pakati pa mwezi wa Juni aibwezere m'madzi nthawi yomweyo. Kwathu kunonso boma limaletsa kukoka makoka pa Nyanja ya Malawi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, kuti chambo chiswane, pakuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa. Ena amadandaula kuti malamulo otere amawalanda chakudya. Koma Mkhristu asadabwe nawo, chifukwa nzeru imeneyi ndi yakale. Werengani Deuteronomo 22:6-7, pamene Aisraeli analetsedwa kutenga mbalame yofungatira pamodzi ndi ana ake. Mulungu anatilola kudya zolengedwa zake, koma sanatilole kuzitha psiti. Achinyamata okonda mbedza, mukaona nsomba ili pa chisa, ilekeni. Mukaikola mwangozi, ichotseni mbedza ndi manja onyowa, muibwezere pomwepo. Ndiponso musayese kusamutsa bass kukaiika m'mitsinje kapena m'madamu ena, popeza kumene yafika imadya nsomba za komweko.

Tsopano ndilankhule ndi abambo anzanga. Mlengi anaika m'nsomba yopanda nzeru mtima wolondera ana, kufikira kudzimana chakudya. Nanga ife amene tinaimirira pamaso pa mpingo pa tsiku la ubatizo wa ana athu, ndi kulonjeza kuwalera m'chiphunzitso cha Ambuye? M'nyumba zambiri ntchito yolera yatulidwa kwa mayi yekha. Bambo amatuluka ana ali m'tulo, nabwera ali m'tulo; sadziwa kalasi la mwana wake, sadziwa anzake oyenda nawo, sanamumvepo akupemphera. Sindikunena za iwo amene apita kutali kukafuna chakudya cha banja, namakumbukira kwawo. Ndikunena za iwo amene akokedwa ndi mowa, juga ndi akazi achilendo. Bass imakodwa poteteza ana ake, koma munthu amakodwa atawaiwala. Zotsatira zake n'zofanana: chisa chikakhala chopanda mlonda, olusa sachedwa kufika.

Kwa inu anyamata ndi atsikana, kumbukirani kuti nyambo yopanga imanyezimira kuposa chakudya chenicheni, ndipo m'kati mwake mulibe kanthu koma mbedza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zobwera popanda thukuta, mphatso za munthu wosafuna kuti makolo anu azidziwe, ndi mabwenzi okuitanani usiku, zonsezi zili ndi chingwe, ndipo wogwira chingwecho simukumuona. Yakobo 1:14-15 akufotokoza bwino m'mene chilakolako chimakokera munthu. Makolo anu akamakuletsani zina, musawayese adani, akulondera chisa.

Pa mapemphero a m'banja mwezi uno, werengani ndime ziwirizi pamodzi, ndipo bambo ndiye atsogolere. Ambuye atipatse kudekha kwa msodzi wabwino, ndi kukhulupirika pa ntchito ya ulonda imene anatipatsa m'nyumba zathu.