Mfumukazi yomwe idadikira zaka 2,000

Tikambeko za buku lotchedwa She, lomwe H. Rider Haggard wa ku England adatulutsa mu 1887. Mwininkhani ndi Ayesha, mfumukazi ya m'mapanga a Kôr, malo ongopeka omwe mlembiyu adawaika kumpoto kwa kumene Zambezi amathirira m'nyanja. Ayesha adapha yekha wokondedwa wake Kallikrates kaamba ka nsanje, nasunga mtembo wake osaola kwa zaka zoposa 2,000, akudikira kuti mwamunayo adzabadwenso.

Adabweradi, ali mnyamata wa ku Cambridge, Leo Vincey, nkhope ndendende ya malemu uja. Ayesha adasungunula mtembowo ndi mankhwala poti ntchito yake idali itatha. Koma zaka zonsezo sizidamuchotse nsanje: adaphanso Ustane, mtsikana yemwe adakonda Leo. Ayesha atalowa kachiwiri m'lawi la moyo, lomwe lidamusunga osakalamba zaka zonsezo, adakalamba pomwepo, thupi n'kufota Leo akuona.

Fungo la utsamunda limamveka m'bukuli, pakuti mfumukazi yoyera khunguyi imalamulira anthu a mtundu wa Amahagger powaopseza. Owerenga adaikondabe nkhaniyi, mpaka mu 1905 Haggard adamuukitsa mayiyu m'buku lina lotchedwa Ayesha, ulendo uno kumapiri a ku Asia.