Chotupa cha mwana sichidikira za ku America

Akatswiri a sayansi ku America akumatenga asilikali a m'magazi a wodwala, otchedwa ma T-cell, n'kuwasintha kuti azisaka khansa ndi kuipha. Amayamba awayesa kaye m'labotale, kuopa kuti angatembenukire ziwalo zabwinobwino. Mu 2024 dzikolo lidavomereza Tecelra, chithandizo cha mtunduwu, koma mtengo wake panthawiyo unkaposa madola 700,000 munthu mmodzi.

Tikuyamikira luntha lotere, komatu msodzi wa ku Nkhotakota sangalifikire.

Nkhawa yathu ili pa khansa ya Burkitt lymphoma, yomwe imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana. Imakonda madera a malungo ochuluka ngati m'mphepete mwa nyanja, ndipo imakula m'masabata ochepa chabe. Mankhwala ake alipo kale ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, ndipo ana ambiri ofika msanga amachira.

Makolo, chotupa chotere musachiyese dzino kapena ufiti, thamangirani kuchipatala. Nalo boma lionetsetse kuti mwana wotumizidwa ku Lilongwe wanyamulidwa pa ambulansi, osati kudikira kuti bambo ake agulitse kaye usipa.